Mwana akalemba kuti "ndili broken", musayambe ndi kudzudzula chiwanda

Lero ndilemba motalikirapo, mundipirire, chifukwa nkhaniyi yakhala ikundidya kwa miyezi ingapo, ndipo ine mwini ndili ndi mlandu momwemo.

Mumpingo mwathu muli mnyamata wina, dzina sinditchula, koma wandilola yekha kuti ndifotokoze. Ndi mmodzi wa aja amalawirira kudzalumikiza zoimbira ife tikadali kunyumba. Chaka chatha anayamba kuika timawu tachingerezi pa WhatsApp. Lero "drained". Mawa "exhausted". Mkuja "broken". Ine poona ndinkangoti aaa, za ana a masiku ano izi. Lamulungu lina ndinafika pochita nazo nthabwala pa guwa. Ndinati, "Achinyamata inu, makolo athu ankalima ndime yonse ndi khasu osanenapo kuti ali drained. Mwana wa Mulungu sakhala broken!" Anthu anaomba m'manja, ena mpaka kuimirira. Iye anali pa kiyibodi, akumwetulira.

Patatha milungu itatu, cha m'ma 11 koloko usiku, mayi ake anandiimbira foni akulira. Mwana anali atadzitsekera m'chipinda, kalata yotsanzika atalemba kale. Mulungu ndi wachifundo, achimwene ake anathyola chitseko nthawi ikadalipo. Usiku umenewo ndi pamene ndinamva zonse. Ntchito inali itatha miyezi inayi m'mbuyomo, koma m'mawa uliwonse ankavala n'kutuluka kuti mayi asadziwe. Ngongole ya katapila inali itabereka. Chibwenzi chimene tonse tinkayembekezera kudzadalitsa chinali chitatha.

Ndinamufunsa, "Mwana wanga, bwanji sunandiuze?" Anati, "Abusa, ndinkanenatu. Kungoti ndinkanena m'Chingerezi. Ndikanati ndatopa, mukanati kapume. Ndikanati mtima wanga wasweka, anzanga akanaseka kuti mwamuna salira."

Kuchokera apo ndinakhala pansi kuwafufuza mawu amenewa, ine wa Fomu 4 yemwe. Ndinapeza kuti sakunena chinthu chimodzi ayi. Munthu akati "exhausted", sikutopa kwa pobwera kumunda kuja, kumene ukasamba, n'kudya nsima, n'kugona, mawa wadzuka bwinobwino. Uyu ali ngati chitsime mu Okutobala, chatungidwa mpaka chidebe chikungokanda matope. "Drained" ndi batire ya foni imene yatsala 1 peresenti, koma anthu akuimbabe, aliyense akufuna kenakake. "Broken" ndi chinthu chothyoka, monga mwendo wa mpando, kalipentala akhoza kuukhoma. Koma akati "shattered" ndiye galasi lagwa pa simenti, mwini wake sakudziwa n'koyambira kutola komwe. Nanga "devastated"? Mawu amenewa tinawamva kwambiri m'nkhani zachingerezi mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche. Ndiye taganizani, mwana wanu akutenga mawu ofotokozera Chilobwe wa tsiku lija n'kunenera mtima wake, inu n'kumuyankha kuti chizungu chachuluka.

Amene anandilasa ine ndi akuti "burnout". Anawatchukitsa katswiri wina wa za maganizo ku New York, Herbert Freudenberger, mu 1974, ataona anthu odzipereka pachipatala chaulere akuyamba ntchito ndi moto, kenako n'kuzilala mpaka kutsala phulusa. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti limeneli ndi vuto lenileni lochokera ku ntchito. Abusa anzanga, anamwino, aphunzitsi, amayi amene mukusamalira odwala kunyumba, apa akunena ife. Kandulo imene ikuunikira ena nayonso imakhala ikutha.

Sikuti Chichewa chathu n'chosauka. Tili ndi kulema, kulefuka, kuthodwa, kuthedwa nzeru, kutaya mtima, zandikwana. Vuto ndi lakuti mawu onsewa tinawakonzeratu mayankho. Munthu asanamalize n'komwe, ife tayamba kale: limba mtima, zimachitika, ingopemphera, ena akuona zoposa izi. Ndiye mwana amathawira ku Chingerezi ngati munthu wobisala kuseri kwa chitseko koma atatulutsa dzanja. Akazinena m'chilankhulo cha eni, manyazi amachepako, ndipo mukamuseka akhoza kunena kuti ndimangocheza.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kulemba kuti, "Abusa, nanga si mumatiphunzitsa nokha kuti lilime lili ndi mphamvu, tisamadzinenere zoipa?" Eya, Miyambo 18:21 ndimalalikira ndipo sindisiya. Koma kuuza dokotala pamene pakupweteka sikudzitemberera. Werengani 1 Mafumu 19. Eliya, yemwe uja anatsitsa moto pa Karimeli, anathawira kuchipululu, nakhala pansi pa kamtengo, n'kupempha kuti afe. Mulungu sanamudzudzule kuti walankhula zosakhulupirira. Anamusiya agone. Mngelo anamudzutsa, kumupatsa mkate ndi madzi, iye n'kugonanso, n'kudyanso kachiwiri. Mafunso anadzabwera pambuyo pake, ku Horebu. Ife bwenzi titamuika pakati pa bwalo, n'kuyamba kufuula kuti mzimu wa imfa tuluka, munthu ali ndi njala.

Ndipo kumbukirani Eli pa 1 Samueli 1. Hana akukhuthula mtima wake m'nyumba ya Mulungu, wansembe n'kumuyesa woledzera. Lamulungu lija, Eli ndinali ine.

Mundimvetse bwino, ziwanda ziliko ndipo ndimazitulutsa. N'zoonanso kuti ana ena amati "ndili depressed" chifukwa choti bandulo yatha basi, kapena timu yawo yagonja. Koma inu mudziwa bwanji amene akuseweretsa mawu ndi amene akumira, musanafunse? Kuli bwino nditaye mphindi khumi pa mwana wongofuna kumuona kusiyana n'kukalalikira pamaliro a mwana amene anandichenjeza milungu itatu yathunthu.

Funso lake ndi lophweka: "Ukati broken ukutanthauza chiyani? Tandiuza m'Chichewa." Mukatero mutseke pakamwa, mumvetsere. Mufunse ngati akugona, ngati akudya. Musaope kufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Akavomera, musamusiye yekha, mupemphere naye, kenako mupite naye kuchipatala. Ku Zomba kuli chipatala cha matenda a maganizo, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli St John of God, ndipo chipatala cha boma lanu chikhoza kukulozerani koyenera. Malungo timapempherera uku tikumwa LA, palibe amati tachimwa.

Mnyamata uja akulandira thandizo, ndipo wabwerera pa kiyibodi. Ngongole tikuthandizana naye pang'onopang'ono ndi abambo a mumpingo. Ine ndinapepesa pa guwa lomwe lija, pamaso pa anthu omwe aja anaomba m'manja.

Lachitatu lililonse kuyambira 3 koloko masana ndizikhala kutchalitchi pamodzi ndi Mayi Busa. Sikukhala ulaliki, sikukhala chopereka. Amene muli kutali, ndilembereni ku inbox, m'Chichewa kapena m'Chingerezi, ndiyankha ndithu.