Mlangizi wa dimba azitsazikidwa pa dimba pomwepo

Mabungwe othandiza anthu kulima madimba a pamodzi m'madera a mafamu ku Mashonaland ali ndi chizolowezi chimodzi mlangizi wawo akamasiya ntchito. Mwambo umachitikira ku ofesi ya m'tauni, kaya ku Bindura, ku Chinhoyi kapena ku Marondera. Akuluakulu amalankhula m'Chingerezi, amapereka mphatso, n'kujambulitsa zithunzi. Amayi amene amathirira repu ndi matimati m'mawa uliwonse amadzangomva mphekesera kuti bambo aja kapena mayi aja anapita. Kutsazikana kotere n'koperewera, ndipo nthawi zina kumapha dimba lenilenilo.

Chifukwa chake chili m'mbiri ya anthu a m'makomboni a mafamuwa. Ambiri ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique, amene anabwera kudzalima fodya ndi chimanga nthawi ya atsamunda, ena pa malole a ulere, ena kudzera mwa Mthandizi, ena wapansi. Boma la Zimbabwe litayamba kugawa mafamu m'chaka cha 2000, ambiri mwa iwo anataya ntchito koma malo sanalandire, ndipo analibe mudzi wobwererako monga anzawo Achishona. Lamulo la unzika la 2001 linawonjezera chipsinjo pa ana a anthu obwera. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonzako za unzika, nazindikira Chichewa ngati chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma nkhani ya malo inatsala pomwepo.

Motero dimba la pamodzi kawirikawiri limakhala pa nthaka ya mwini. Kachigawo ka m'mbali mwa damu kamabwerekedwa kwa mlimi watsopano wa A2 kapena kwa komiti ya alimi a A1, ndipo pangano lake limakhala la pakamwa. Amene anakapempha malowo ndi mlangizi. Ndiye amadziwa kuti mpanda ulekezere pati, madzi atungidwe masiku ati, ndi kuti mwini malo analonjezedwa chiyani. Akachoka mwakachetechete, panganolo limatsala lopanda mboni. Mwini malo akhoza kulowetsamo ng'ombe kapena kuikapo nazale ya fodya, ndipo amayi aja sangakhale ndi poyambira dandaulo.

Chichewa chomwe chimaphunzitsa zoyenera kuchita. Wochoka amati "tsalani bwino", otsala n'kuyankha kuti "pitani bwino". Chishona nachonso chimatero: "sarai zvakanaka", "fambai zvakanaka". Mawu oyamba amachokera kwa wochokayo ndipo amayang'ana otsala. Ndiponso wotsazika saleka mlendo pakhomo. Amam'perekeza, nam'patsa kamba wa pa njira. Mwambowu uli ndi mbali ziwiri, koma mabungwe amasunga ya kamba yokha, n'kuiwala kufunsa ngati otsalawo atsaladi bwino.

Kutsazikana koyenera kuchitikire pa dimba, m'chilankhulo chimene olimawo amamva, Chichewa ndi Chishona chomwe. Mwini malo kapena wapampando wa komiti aitanidwe, ndipo wochokayo abwereze pangano lonse pamaso pa anthu, malire ayendedwe, kenako zilembedwe. Wolowa m'malo aonetsedwe tsiku lomwelo, agwirane chanza ndi mwini malo anthu akuona. Kope la zopereka, makiyi a pampu, makasu ndi makeni ziwerengedwe poyera. Mbewu zosungidwa m'mabotolo, za bonongwe, mpiru, therere ndi maungu, ziperekedwe kwa mayi wodziwika ndi dzina. Zikatha izi, mphatso ndi nyimbo zibwere.

Ena anganene kuti mwambo wotere ukusandutsa tsiku la chikondi kukhala msonkhano wowerengera katundu, ngati kuti wochokayo akukayikiridwa. Nkhawayi ndi yomveka, koma anthu a m'mafamu sadabwa ndi kuwerengera poyera. Mabungwe othandizana pa maliro, amene anthu obwera ochokera kumpoto kwa Zambezi anawalimbikitsa kwambiri m'mafamu ndi m'migodi, akhalitsa chifukwa msungichuma amaonetsa ndalama pamaso pa onse. Wotula udindo poyera amachoka dzina lake lili loyera, ndipo palibe amene angadzamunene kuti anapita ndi pampu.

Ena anganenenso kuti bungwe lilibe ndalama ya mwambo wachiwiri. Komatu pa dimba sipafunika holo kapena magalimoto. Mkeka, thobwa ndi ndiwo zothyola pomwepo n'zokwanira.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlangizi wa bungwe ndi mlendo ndithu: ntchito yake imadalira thandizo la zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo tsiku lochoka limadziwika kale. Anthu a m'makomboni akudziwa kuwawa kwa ulendo wosamalizidwa bwino, pakuti agogo awo ambiri anatchedwa machona kwawo chifukwa anapita osabwereranso. Bungwe lolemekeza mbiri imeneyi liziyeza kutsazikana kwake pakatha miyezi isanu ndi umodzi, poona ngati mabedi akadathiriridwa ndiponso ngati mpanda ukadali pamalo pake.