Kompyuta Yakale Isatayidwe ku Chiuta

Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamala pulogalamu yake ya Windows 10. Nkhani imeneyi ikhudza ndithu aphunzitsi ndi akalaliki a Boma a ku Nayuchi, ku Ntaja ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, makamaka iwo amene amakonda kumasula ndi kukonza makompyuta madzulo ataweruka, pakuti makina ambiri akale alibe mphamvu yolandira Windows 11, ndipo mphunzitsi sangagule atsopano ndi malipiro a mwezi umodzi.

Tsono makina otere sayenera kutayidwa. Alipo mapulogalamu amene eni ake anawamasula kuti munthu aliyense awatenge, awasinthe ndi kugawira mnzake popanda mlandu. Wamkulu mwa iwo ndi Linux, amene Linus Torvalds anayamba ku Finland m'chaka cha 1991. Ndipo LibreOffice alemba makalata ndi kuwonkhetsa malikisi a ana monga momwe achitira mapulogalamu ogula. Ena amanyoza kuti chaulere sichilimba. Anthu otere ayenera kudziwa kuti Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala ndi DHIS2, pulogalamu ya mtundu womwewu yochokera ku University of Oslo. Chosalimba ndi pulogalamu yakuba ija yoyenda pa fulashi, imene kawirikawiri imadza ndi mavairasi.

Koma nkhani yaikulu ndi ya kasungidwe. Dziko la ku Chiuta ndi lachidikha, ndipo pamene namondwe Freddy anagwa m'mwezi wa March 2023, Machinga ndi Balaka anali pakati pa maboma okhudzidwa. Kompyuta ndi fulashi zogona m'kabati imodzi zimanyowa tsiku limodzi, ndiponso wakuba amanyamula zonse ziwiri. Chifukwa chake kuli kwanzeru kutumiza kope lina kutali, ku nkhokwe za pa intaneti zonga Google Drive, imene ipatsa munthu malo a 15 GB kwaulere. Bandulo ndi yodula, inde, koma makalata a teremu yonse salemera ngati kanema mmodzi.

Komabe nkhokweyo ndi ya mwini wake, ndipo ili kunja kwa dziko lino. Maina a ana, zaka zawo ndi malikisi awo sizinthu zoikiza kwa mlendo zili poyera, makamaka tsopano pamene Malawi ali ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu, limene MACRA iyang'anira. Pulogalamu yaulere yotchedwa Cryptomator imatseka mafayilo asanachoke m'kompyuta, kotero kuti wosunga nkhokwe alandira bokosi lokhoma, kiyi n'kutsala ku Chiuta. Pano pafunika kusamala kwambiri: woiwala mawu achinsinsi, nataya ndi kiyi yapadera yobwezera, sadzatsegulanso bokosilo, ngakhale atadandaula kwa yani. Mawuwo alembedwe papepala, ndipo pepalalo lisungidwe m'nyumba ina, osati m'chikwama cha kompyuta.