Mwamuna ali ku ofesi, digiri ya mkazi ili m'sutikesi

Munthu akapeza ntchito ku America pa viza ya H-1B, boma la kumeneko limamulola kubwera ndi banja lake. Mkazi kapena mwamuna wake amapatsidwa viza ina yotchedwa H-4. Viza imeneyi imamulola kukhala m'dzikomo komanso kupita kusukulu, koma imamuletsa kugwira ntchito yolipidwa. Kaya anali dokotala wa mano ku Hyderabad, kaya akauntanti ku Lagos, akangotsika ndege amayamba kudalira thumba la mnzake pa chilichonse, kuyambira sopo mpaka kandalama kotumizira makolo kumudzi.

Zinthu zinali choncho mpaka pa 26 Meyi 2015, pamene boma la Barack Obama linatsegulako khomo pang'ono. Kuyambira tsikulo, ena mwa a viza ya H-4 analoledwa kupempha khadi ya chilolezo chogwirira ntchito, yomwe anthu amangoti EAD. Si onse ayi. Mwayiwu ndi wa okhawo amene mnzawo wa H-1B wafika patali pa ulendo wofuna green card (khadi yokhalira m'dzikomo mpaka kalekale), makamaka ngati boma lavomereza kale fomu ya I-140 yomwe abwana ake anamudzazira. Banja lomwe langofika kumene limadikira, ndipo ambiri amatha zaka zingapo asanafike pamenepo.

Ofufuza a nyumba ya malamulo ya dzikolo anapeza kuti pofika kumapeto kwa 2017, zilolezo zoposa 120,000 zinali zitaperekedwa. Mwa anthu 100 alionse olandira, 93 anali amayi, ndipo 93 anali obadwira ku India. Chifukwa cha kuchuluka kwa Amwenye n'chodziwikiratu. Lamulo limati dziko limodzi lisatenge ma green card oposa 7 pa 100 alionse pachaka, choncho mzere wa India ndi wautali moti ambiri amadikira zaka zoposa 10. Popanda EAD, mayi woti anafika ali ndi zaka 28 akhoza kuyandikira zaka 40 asanalandirepo malipiro ngakhale a mwezi umodzi.

Otsutsa lamulo la EAD nawonso ali ndi chowawawa chenicheni, ndipo n'kulakwa kungowatcha anthu odana ndi alendo. Gulu lomwe linakasuma kukhoti mu 2015, Save Jobs USA, linapangidwa ndi anthu omwe ankagwira ntchito za makompyuta kukampani ya magetsi ya Southern California Edison. Iwo anachotsedwa, ntchito zawo n'kupatsidwa kwa makampani olemba anthu a H-1B, ndipo ena anauzidwa kuti asanachoke ayambe aphunzitsa kaye owalowa m'malo. Munthu woti zotere zinamuonekera sangamwetulire akamva kuti alendo enanso alowa pamsika wa ntchito. Mfundo yawo ina inali ya malamulo: viza ya H-1B ili ndi malire, 65,000 pachaka ndi ina yowonjezera 20,000 ya omwe anachita maphunziro apamwamba ku America komweko, ndipo abwana amayenera kulonjeza kuti adzalipira malipiro ovomerezeka a ntchitoyo. EAD ya H-4 ilibe malire otere. Mwini wake akhoza kugwira ntchito iliyonse, kwa bwana aliyense. Iwo ankati chinthu chachikulu chotere chimayenera kuchokera kwa aphungu, osati kwa akuluakulu a unduna.

Makhoti sanagwirizane nawo. Woweruza Tanya Chutkan anagamula mu Malichi 2023 kuti unduna unali ndi mphamvu yopereka chilolezocho, khoti la apilo ku Washington linavomereza chigamulocho mu Ogasiti 2024, ndipo khoti lalikulu kwambiri linakana kumva mlanduwu mu Okutobala 2025. Boma loyamba la Donald Trump linalengeza kuti lifafaniza lamuloli, koma linatuluka lisanatero.

Komabe mlandu kutha sikuti mtima wa mayi uja wakhala pansi. Vuto lalikulu la munthu wobwerera kuntchito lili m'mene chilolezocho chinamangidwira. EAD ya H-4 ili ngati nyemba yoyanga pa phesi la chimanga: phesi likagwa, nayo yagwa. Mwamuna akachotsedwa ntchito, banja limakhala ndi masiku osaposa 60 kuti apeze bwana wina kapena alongedze. Ukwati ukatha, viza ya H-4 yatheranso pomwepo, zomwe zimachititsa amayi ena kupirira nkhanza m'nyumba poopa kutaya zonse. Khadiyo imathanso nthawi yake pamodzi ndi viza, ndipo kuikonzanso kumatenga miyezi. Kale boma linkawonjezera lokha masiku, mpaka 540, kwa ena omwe apempha msanga, koma kuyambira pa 30 Okutobala 2025 linasiya kutero pa mapempho atsopano. Tsono taganizirani bwana amene wakhala pansi ndi munthu woti sanagwire ntchito zaka zisanu, luso lake lachita dzimbiri pang'ono, ndipo chilolezo chake chikhoza kuduka pakati pa chaka popanda kulakwa kwake. Abwana ambiri amangotenga wina.

Chodabwitsa n'chakuti dziko lomwelo limachita mosiyana ndi mabanja ena. Kuyambira kumapeto kwa 2021, mkazi kapena mwamuna wa munthu wosamutsidwa ndi kampani yake pa viza ya L-1 amaloledwa kugwira ntchito chifukwa cha viza yake yokhayo, osafunikanso khadi yapadera. Ngati msika wa ntchito sunagwe ndi anthu amenewa, n'kovuta kufotokoza chifukwa chomwe wa H-4 ayenera kudikirira zaka.

Pali chenjezo lochokera ku Britain, ndipo ili likukhudza Amalawi ndi anzathu a ku Zimbabwe omwe anapita kukasamalira okalamba. Kumeneko wobwera ndi mnzake wa viza ya Skilled Worker amaloledwa kugwira pafupifupi ntchito iliyonse kungoyambira tsiku lofika. N'zabwino ndithu. Koma chiwerengero chitakwera, boma linati achibale pafupifupi 120,000 anatsagana ndi osamalira okalamba 100,000 m'chaka chimodzi, ndipo pa 11 Malichi 2024 linaletseratu olembedwa kumene pantchitoyi kubwera ndi mabanja awo. Apa pakuoneka kuti boma likhoza kupereka ufulu wa ntchito kenaka n'kutseka chipata cholowera, ndipo amene amalira ndi ana otsala kwa agogo. Olimbikitsa ufuluwu asamalankhule ngati nkhani ya chiwerengero ilibe ntchito pa ndale za dziko.

Ngakhale zili choncho, mbali ziwiri za mkangano wa ku America uja sizilemera mofanana. Amene anachotsa antchito a Edison sanali mayi wokhala m'fulati ku New Jersey. Anali makampani omwe anapeza mpata m'malamulo a H-1B, ndipo mpatawo ndi umene aphungu ayenera kutseka. Mayiyo ali kale m'dzikomo movomerezeka, ana ake akuphunzira m'masukulu a komweko, ndipo akagwira ntchito amakhoma msonkho. Kumukhazika pakhomo sikubwezera munthu wa ku California ntchito yake. Chilolezo chake chiyenera kubwera limodzi ndi viza, monga zilili kwa a L-1.

Banja lililonse la kuno lomwe mmodzi wapeza mwayi kunja lifunsitse kaye, winayo asanalembe kalata yosiya ntchito ku Lilongwe kapena ku Blantyre: viza yake ndi ya mtundu wanji, imalola ntchito kapena ayi, adzadikira zaka zingati, ndipo idzakhala bwanji mnzakeyo akadzachotsedwa ntchito. Mayankho ake akhale olembedwa ndipo onse awiri awaone matikiti asanagulidwe.