Kiyi wa kompyuta asakhale m'mutu mwa munthu mmodzi

Makompyuta afika m'masukulu, m'zipatala ndi m'mabungwe a alimi kuno ku Angónia, Tsangano ndi Zóbuè. M'menemo muli mayina a ana, zotsatira za mayeso ndi ngongole za feteleza. Koma kawirikawiri pasiwedi yotsegulira, imene pa Chipwitikizi amati senha, amaidziwa munthu mmodzi yekha. Iyeyo akaiwala, akasamutsidwa kapena akamwalira, tonse timatsala panja.

Zikatere ambiri amathamangira kwa wokonza mafoni pamsika, iye n'kufufuta zonse ndi kuikamo Windows yatsopano. Kompyuta imatseguka ndithu, koma mulibe kanthu. Kumeneko ndi kutentha nkhokwe pofuna kupha khoswe.

Abale, njira zofatsa zilipo. Ngati mumalowa ndi akaunti ya Microsoft, pasiwedi mungaisinthe pa foni kapena kompyuta ina ya intaneti, ndipo nambala yotsimikizira imabwera ku foni kapena imelo imene munalembetsa. Apa ife a m'malire tichenjere, poti timasinthasintha simu: lero Movitel kapena Vodacom, mawa Airtel kapena TNM ya ku Malawi. Nambalayo ikapita ku simu imene munataya kale, mwagwira njakata.

Ngati akaunti ndi ya m'kompyuta momwemo, kuyambira mu 2018 Windows imakufunsani mafunso atatu amene munasankha poitsegula koyamba. Mukayankha bwino mumalemba pasiwedi yatsopano. Mnzanu amene ali ndi akaunti yoyang'anira pa kompyuta yomweyo angathenso kukusinthirani. Koma makompyuta ambiri atsopano ali ndi loko wina wotchedwa BitLocker, amene kiyi wake ndi manambala 48. Lokoyu akagwira pamene kiyi palibe, ngakhale katswiri wa ku Tete kapena Maputo sangatulutsemo kanthu.

Tsono chinsinsi cha kompyuta ya gulu si cha munthu mmodzi. Pasiwedi, mayankho atatu aja ndi manambala 48 zilembedwe papepala, zimatidwe mu envulopu, ndipo asunge anthu awiri, monga mkulu wa sukulu ndi mlembi. Pepalalo lisamatidwe pa kompyuta pamene aliyense angaliwerenge. Mwezi uliwonse zofunika zikoperedwe pa fulashi. Wosamuka asatsanzike asanapereke zonsezi, monga m'mene amaperekera makiyi a ofesi. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.