Kukuwa Si Kulankhula

Abale anga, nyengo ya chisankho ikafika, mabwalo a ku Migowi, ku Chiringa ndi pa boma la Phalombe amadzaza. Wolankhula amakwera pansanja, nanyoza mnzake, nalonjeza milatho ndi feteleza, ife nkumaomba m'manja. Pobwerera kumudzi timati: "Koma munthuyu amadziwa kulankhula!" Ine ndikukana. Kukuwa si kulankhula, ndipo mlandu wosokoneza ziwirizi uli pa ife omvera. Tiyeni tione mmene ankalankhulira anthu amene anamenyera ufulu wa anzawo.

Mu November 1914, Angelezi ndi Ajeremani atangomenyana kumene ku Karonga, Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Sanatukwane Bwanamkubwa. Anakumbutsa atsamunda kuti ana a dziko lino anali atakhetsa kale magazi powamenyera nkhondo. Kenaka anafunsa chimene munthu wakuda adzapindule nkhondoyo ikatha. Anati kunkhondoko kupite olemera ndi eni minda, pakuti mmphawi akafa amangosiya mkazi wamasiye ndi ana opanda chakudya. Chimene analemba chinali choona, ndipo funso lake linalibe yankho. Boma linaletsa kalatayo. Tikudziwa zimene zinatsatira mu January 1915: pakamwa patatsekedwa, panalankhula mikondo.

Pa 28 August 1963, ku Washington, Martin Luther King anayimirira pamaso pa khamu lalikulu. Anthu amakumbukira za maloto ake, koma luso lenileni linali poyambirira. Anayerekeza malonjezo a m'malamulo oyambitsira dziko la Amereka ndi cheke imene munthu wakuda anapita nayo kubanki, nkubwezedwa kuti mulibe ndalama. Sanapemphe chifundo, anakumbutsa ngongole. Mdani wake anamugwira ndi mawu amene mdaniyo analumbirira yekha. Chaka chotsatira, 1964, lamulo loletsa tsankho linakhazikitsidwa.

Kuno kwathu, pa 8 March 1992, kalata ya Aepiskopi ya m'nyengo ya Lenti inawerengedwa m'matchalitchi onse a Chikatolika. Munalibe chipongwe ngakhale chimodzi. Munali malipiro ochepa a antchito, makalasi odzaza, zipatala zoperewera, ndi anthu otsekeredwa osaweruzidwa. Aliyense ankazidziwa zimenezi, koma ankazinena monong'ona. Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo Monsignor John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Komabe pa 14 June 1993 Amalawi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri.

Onsewa anachita zofanana. Anatchula chilonda ndi dzina lake. Analankhula kwa chikumbumtima cha mdani osamulanda ulemu wake. Ndiponso anadziwa kuti mawu awo adzawalipirira okha, osati anthu wamba.

Ena adzati: "Munthu wakumudzi samva zamfundo, amafuna nyimbo ndi nsalu." Kumeneku ndi kutukwana makolo athu. Agogo amene anagwira thangata m'minda ya atsamunda ankadziwa bwino kusiyana kwa chilungamo ndi chinyengo. Pabwalo la milandu kwa amfumu, sitipatsa mlandu munthu chifukwa wakuwa koposa, timafunsa mboni. Nanga nzeru imeneyi timaisiyiranji kunyumba tikamapita kumsonkhano?

Boma lathu lino linaona napolo wa ku Michesi mu March 1991, linaonanso namondwe wa Freddy mu March 2023. Anthu amene anakwirira abale awo sayenera kusangalatsidwa ndi zitonzo. Wolankhula akadzabweranso, mudzamufunse mumtima: Kodi watchula vuto lathu lenileni? Kodi zimene wanena tingazitsimikize? Kodi atachotsa zonyoza, mwatsala chiyani? Ngati simwatsala kanthu, sungani manja anu. Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.