Njinga ya Giya Imodzi ndi ya Magiya Ambiri: Mlandu wa Okwera Mapiri

Ilipo milandu ina imene, ngakhale akuluakulu a pabwalo ataikhalira pansi kuyambira mbandakucha kufikira nkhuku zitalowa m'khola, siitha kugamulidwa, pakuti aliyense wa eni mlandu ali ndi choonadi chake m'manja. Ndipo umodzi wa milandu yotere ndi uwu wa anthu okonda kupalasa njinga m'mapiri, amene agawanika pawiri. Ena akuti njinga ya kuphiri iyenera kukhala ndi magiya ambiri, kuti mwini wake azisintha monga mwa kukwera ndi kutsika kwa njira. Anzawo akuti ayi, giya imodzi ikwana, zinazo ndi zolemetsa chabe. Sabata ino ndati tiumve mlanduwu modekha, mbali zonse ziwiri zipatsidwe mpata wolankhula, kenaka ndinene kumene mtima wanga wapendekera.

Tiyambe ndi kumene masewerawa adachokera. M'zaka za m'ma 1970, ku Marin County m'chigawo cha California ku America, anyamata ena okonda njinga, monga Joe Breeze, Gary Fisher ndi Charlie Kelly, adayamba kutola njinga zakale zolemera za matayala onenepa, zambiri mwa izo za kampani ya Schwinn, ndi kumatsika nazo m'misewu yafumbi ya phiri la Tamalpais ndi mapiri oyandikana nalo. Njingazo zidali za giya imodzi, ndipo buleki yake idali ya m'habu, yogwira munthu akapondera mapedulo chambuyo. M'chaka cha 1976 adayambitsa mpikisano wotsika mtsetse wautali pafupifupi makilomita 3, wotchedwa Repack, umene udali wotsetsereka kotero kuti pofika pansi girisi wa m'habu amakhala atapsa ndi kufuka utsi. Koma kutsika kokha sikudawakwanire, popeza wotsika phiri ayenera kuyamba walikwera. Chifukwa chake ena mwa iwo adayamba kuchotsa magiya ku njinga zina ndi kuwamangirira pa zawozo. Breeze adapanga felemu yakeyake ya ntchito imeneyi mu 1977, kampani ya Specialized idatulutsa njinga ya Stumpjumper mu 1981, ndipo pofika 1996 masewerawa adalowa m'mpikisano wa Olimpiki ku Atlanta. Taonani tsono, njinga ya kuphiri idabadwa ndi giya imodzi, ndipo phiri lomwelo ndilo lidaiumiriza kufuna magiya.

Komatu mkanganowu udayamba kale anyamata a ku California asanabadwe. Henri Desgrange, amene adayambitsa mpikisano wa Tour de France mu 1903, ankayesa makina osinthira magiya chinthu chofewetsa amuna, kotero kuti opikisana otchuka sadaloledwe kuwagwiritsa ntchito kufikira 1937. Zisanafike zakazo, wopalasa akafika m'tsinde mwa phiri ankatsika, namasula gudumu lakumbuyo, nalitembenuza kuti tcheni igwire mano a mbali inayo, ndipo atafika pamwamba ankabwerezanso ntchito yomweyo, zala zitauma ndi chisanu.

Kuti mlanduwu umveke bwino, tiyenera kuwerenga mano, pakuti nzeru yonse ya magiya yagona pamenepo. Okwera njinga za giya imodzi ambiri amakonda mano 32 kutsogolo ndi 16 kumbuyo pa gudumu la mainchesi 26, ndiko kunena kuti mwendo ukazungulira kamodzi gudumu lazungulira kawiri, ndipo njinga yayenda mamita anayi ndi pang'ono. Pa magudumu akuluakulu a mainchesi 29 amaonjezera mano akumbuyo kufika 18 kapena 20. Muyeso umenewo ndi womwewo pachikweza, pachidikha ndi pamtsetse. Njinga yamakono ya magiya 12, onga amene kampani ya SRAM idatulutsa mu 2016, ili ndi mano oyambira 10 kufikira 50 kumbuyo, kotero kuti ndi mano 32 kutsogolo pa gudumu la mainchesi 29, mwini wake akasankha giya yopepukitsitsa, amayenda mita imodzi ndi theka lokha pa kuzungulira kumodzi kwa mwendo, ndipo akasankha yolemetsetsa amapitirira mamita asanu ndi awiri. Pakati pa miyeso iwiriyo pali malo a mwana ndi a nkhalamba, a wotopa ndi a wamphamvu.

Tsono timve a giya imodzi. Iwo akuti, choyamba, chimene palibe sichithyoka. Kachitsulo kolendewera kumbuyo kaja, kamene kamasuntha tcheni kuchoka pa mano ena kupita pa ena, ndiko kamene kamayamba kugunda mwala, kukola chitsamba ndi kudzaza matope, ndipo kakapindika pang'ono chabe magiya onse amasokonezeka, mwinanso kamalowa m'masipoko ndi kuononga gudumu munthu ali pakati pa thengo. Njinga ya giya imodzi ilibe kachitsuloko, ilibe nthambo zosinthira, ilibe mulu wa mano kumbuyo; tcheni yake imayenda moongoka, siigwagwa ikamangidwa bwino, ndipo imakhalitsa. Njingayo imapepuka ponyamula powoloka mtsinje, imatsukika msanga, ndipo imayenda mwachete, mwini wake namva mbalame m'malo mwa kulira kwa zitsulo.

Chachiwiri, akuti giya imodzi imaphunzitsa. Munthu amene alibe kothawira amaphunzira kuponya maso patali, kuona chitunda chisanafike ndi kusonkhanitsa liwiro akali pachidikha, kusagwira buleki popanda chifukwa, ndi kusankha njira yosalala pakati pa miyala ndi mizu, popeza adziwa kuti liwiro limene wataya adzaligula ndi thukuta. Amaphunziranso kupalasa chilili, nakoka chiongolero ndi manja, kotero kuti msana, mapewa ndi mimba zimalimba pamodzi ndi miyendo. Ambiri a iwo amachitira umboni kuti akabwerera pa njinga ya magiya amapezeka atasanduka akatswiri kuposa kale, ndipo ine sindiona chifukwa chowatsutsira.

Koma walira mvula walira matope. Giya imene iyenera chitunda chofatsa imasanduka mdani pa chikweza chenicheni, ndipo munthu amene angayese kukwera msewu wokhotakhota wochokera mumzinda wa Zomba kupita pamwamba pa phiri ndi mano 32 ndi 16, ngati sali ngwazi, adzatsika ndi kuyamba kukankha njinga yake, thukuta lili kamukamu. Kupondereza giya yolemera pang'onopang'ono kumathodwetsa mawondo ndi chiuno, makamaka kwa amene zaka zapitako kapena adavulalapo. Munthu akaimirira pa mapedulo, kulemera kwake kumachoka pa gudumu lakumbuyo, ndipo pa miyala yotayirira kapena dothi loterera tayala limangozungulira pamalo amodzi. Akafika pachidikha vuto limatembenuka: miyendo ikazungulira ka 90 pa mphindi, liwiro langofika makilomita 22 pa ola, ndipo anzake a magiya amamusiya akupalasa mphepo. Ndiponso si felemu iliyonse imene imalola kukoka gudumu kuti tcheni ilimbe, choncho ena amagulabe kachitsulo kokungira tcheni, ndipo kuphweka kumene ankanyadira kuja kumachepako.

Apa ndi pamene a magiya amaimirira kunena mawu awo, ndipo mawu awowo ndi a chifundo. Magiya amalola munthu kukhala pachishalo, miyendo ikuzungulira mofanana ndi mtima ukugunda mwadongosolo, ngakhale njira itasinthasintha kakhumi pa kilomita imodzi. Amalola bambo wa imvi kuperekeza mwana wake kufikira pamwamba, mayi amene wayamba kumene masewerawa kusagwa mphwayi tsiku loyamba, ndi waulendo wonyamula hema ndi kamba kudutsa zitunda zosatha za ku Nyika osathyoka msana. Phiri si la anyamata amphamvu okha, ndipo chipangizo chimene chimatsegulira ofooka khomo la kumapiri sichiyenera kunyozedwa ngati cha aulesi. Tisaiwalenso kuti m'mipikisano ikuluikulu, kumene munthu amafuna kupambana ndithu, monga ya Olimpiki kapena Cape Epic ya ku South Africa imene imatenga masiku asanu ndi atatu, otsogola amakwera njinga za magiya.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Magiya amafuna mwini wosamala ndi thumba losabooka. Tcheni ya magiya ambiri ndi yopyapyala, ndipo fumbi la m'chilimwe likasakanikirana ndi mafuta limaipera pamodzi ndi mano. Mwini akachedwa kuisintha, tcheni yotanukayo imadya mano onse, ndipo agula zonse pamodzi. Tcheni ya magiya 8 siiyenda pa mano a magiya 12, kachitsulo kolumikiza chosinthira ku felemu kamasiyana pa mtundu uliwonse wa njinga, ndipo mmisiri wa pansi pa mtengo wa mango pamsika, amene amatha kuukitsa njinga ya Humber imene agogo adaisiya, angathe kusowa chochita ndi zipangizo zimene ngakhale m'masitolo a mu Limbe n'zosowa. Umboni wake uli m'misewu yathu. Yang'anitsitsani njinga za kuphiri zogwiritsidwa kale ntchito zimene zimabwera kuchokera kunja, ndipo mudzaona kuti zambiri chosinthira chidachotsedwa kale, tcheni idadulidwa ndi kumangidwa pa mano amodzi apakati, mano otsalawo angokhala ndi dzimbiri. Mwini wake adalipira magiya 21, koma akupalasa imodzi, ndiponso imene sadaisankhe mwa nzeru.

Pali chinthu china chimene chimandiseketsa ndi kundipatsa maganizo nthawi imodzi. Kumaiko a anzathu okonda giya imodzi ali ndi mpikisano wawo wa dziko lonse, umene umachitika mwachisangalalo, ambiri atavala zovala zoseketsa, ndipo wopambana mphotho yake ndi kutemedwa mphini ya tatu pathupi. Mu 2012 udachitikira ku South Africa, ndipo adapambana ndi malemu Burry Stander. Kwa iwo giya imodzi ndi chinthu chochita kusankha, kuthawa kuchuluka kwa makina. Pamene kwathu kuno wakabaza wonyamula munthu ndi thumba la ufa, kapena wogulitsa makala wokankha matumba atatu pachitunda m'mamawa, sadafunsidwe ngati akufuna giya imodzi. Akadapatsidwa giya yopepuka yosathyoka, akadailandira ndi manja awiri. Choncho tisafulumire kutamanda kuvutika ngati ukoma pamaso pa munthu amene amavutika kuti ana adye.

Koma nzeru ya wakabazayo isapeputsidwe, pakuti ngakhale akatswiri a magiya adaigwadira. F.K. Day, mmodzi wa amene adayambitsa kampani ya SRAM ija, ndiye adayambitsanso bungwe la World Bicycle Relief mu 2005 pamodzi ndi Leah Missbach Day. Ndipo pamene adafuna njinga yoyenera misewu ya kumidzi ya ku Zambia, Malawi ndi maiko ena, adatulutsa Buffalo, njinga yachitsulo ya giya imodzi, ya buleki ya m'habu, imene kaliyala yake imasenza makilogalamu 100, namaphunzitsa amisiri a m'midzi momwemo kuikonza. Ndipo pamene anthu a kumapiri adafuna thandizo pazitunda, bungwelo lidatulutsa mtundu wina wa magiya awiri okha, wa matcheni awiri, wopanda kachitsulo kolendewera kaja. Adaonjezera chimene chidafunika, nalekera pomwepo.

Mtima wanga tsono wagwa apa. Pa phiri lenileni, kwa anthu ambiri, magiya ndi abwino, ndipo woyamba kumene, wamkulu msinkhu, wa mawondo odandaula ndi wa maulendo ataliatali asachite manyazi kuwafuna. Koma munthu agule magiya okhawo amene angathe kuwasamala, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno: magiya 8 kapena 9, amene tcheni ndi mano ake zimapezeka pamsika wapafupi, aposa 12 amene zipangizo zake muyenera kuziitanitsa ku Johannesburg ndi kudikira mwezi. Ndipo iye amene akhala kutali ndi sitolo, kapena njira zake n'za zitunda zofatsa ndi matope ambiri, kapena ali ndi mphamvu za unyamata nafuna kuphunzira luso, asankhe giya imodzi mwadala, aiyese pa chitunda chimene amakwera kawirikawiri, ndipo ngati akayika atenge yopepukirapo, popeza kusiyidwa pachidikha n'kopiririka kusiyana ndi kuononga mawondo. Wofuna kudziyesa asanaononge ndalama angathe kuika njinga yake ya magiya pa giya imodzi yapakati, osakhudza chosinthira kwa milungu ingapo, ndipo miyendo yake idzamuuza zoona.

Musanapereke ndalama kwa wogulitsa, pitani kaye kwa mmisiri amene adzakhala akuikonza njingayo, mumuonetse mano ndi tcheni yake, ndi kumufunsa ngati zipangizo zake amazipeza. Akapukusa mutu, isiyeni ngakhale ikhale yonyezimira chotani, pakuti safunsa adadya phula.