Cigubu ca madzi tisenze ndife, amai alimbitse minofu

M'midzi mwathu muli amai ambiri amene akatsokomola, akaseka kapena akanyamula katundu, mkodzo umadontha. Ena amamva ngati cinthu cikutsika kumusi. Sanena cifukwa ca manyazi. Kawirikawiri gwero lake ndi minofu ya pansi pa ciuno, yogwiriziza cikhodzodzo ndi ciberekero, imene imafooka ndi ucembere.

Abambo ena amati, "Akazi anga alima tsiku lonse, thupi ndi lolimba kale." Iai abale. Cigubu ca malita 20 cilemera makilo 20, thumba la feteleza makilo 50. Kusenza zotere kumakankhira ziwalo pansi, vuto n'kukula. Azibambo ndi anyamata, nchito iyi ndi yathu. Njinga tili nazo, wilibala tingabwereke.

Cimene cithandiza sicilira ndalama. Dokotala wa ku America, Arnold Kegel, anacifotokoza mu 1948. Amai, finyani minofu ija monga mukuletsa mpweya woipa ndi mkodzo kutuluka. Gwirani masekondi angapo, mukupuma bwinobwino, kenaka masulani. Citani ka 8, katatu pa tsiku, kwa miyezi 3 osaleka. Mungacite muli khale pa mphasa kuswa nshawa, palibe adzadziwa. Koma musacite pamene mukukodza. Kuyenda ndi kwabwino, koma zolumphalumpha ziyambe zadikira.

Ngati mkodzo utuluka usana ndi usiku osaleka pambuyo pobereka movutikira, imeneyo ingakhale fistula, ndipo kufinya sikungatseke ciboo. Yambirani ku kiliniki. Ku cipatala ca St Francis ku Katete amacita opaleshoni yake.